Vidiyo m'kalasi ya kukoleji: pompopompo kapena yojambuliratu?

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malawi muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, patangopita masiku atatu Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Ophunzira a ku Chancellor College, Polytechnic, Bunda, Mzuni ndi MUST anamanga katundu kubwerera kwawo, wina ku Ndirande, wina ku Nthalire, wina kumudzi kumene netiweki amachita kukaisaka pachulu. Zipata zinayamba kutsegulidwanso pa 7 Seputembala, ndipo oyamba kubwerera anali a chaka chomaliza. M'miyezi ya pakatiyi mayina a mapulogalamu a pa intaneti monga Zoom, Google Classroom ndi Moodle analowa m'kamwa mwa aphunzitsi amene moyo wawo wonse ankadalira choko ndi bolodi.

Mliri unadutsa koma nkhaniyi ikadalipo. Makalasi a chaka choyamba akungokulirakulira, anthu apantchito ambiri akufuna digiri osasiya ntchito, ndipo sukulu za ukachenjede zikufunsabe ngati vidiyo ingathandize. Ingathandize ndithu. Kungoti njira zake zilipo zingapo, ndipo mphunzitsi akasankha molakwika amene amalipira ndi wophunzira, makamaka uja wochokera kosauka.

Njira yoyamba ndi ya pompopompo: mphunzitsi akulankhula pa Zoom, Google Meet, Microsoft Teams kapena BigBlueButton, ophunzira akumvera nthawi yomweyo ndipo angathe kufunsa. Yachiwiri ndi yojambula kalasi yeniyeni m'holo, kamera ndi maikolofoni zikugwira zonse zimene mphunzitsi akunena ndi kuonetsa, kenako n'kuziika pa intaneti. Mayunivesite akunja amagula makina a Panopto kapena Echo360 pa ntchito imeneyi, pomwe ena, monga University of Cape Town, amagwiritsa ntchito Opencast yomwe ndi yaulere. Njira yachitatu ndi yoti mphunzitsi akhale pansi payekha n'kujambula timaphunziro tatifupitifupi, kalikonse ka mfundo imodzi. Kunja zitatuzi zimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma pa ndalama, pa nthawi ndi pa zimene zimatsala m'mutu mwa wophunzira, n'zosiyana kutali.

Chifukwa chake bandulo imatha msanga

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zothamangitsidwa motsatizana, kawirikawiri 25 kapena 30 pa sekondi iliyonse. Zikanati zizitumizidwa zathunthu, palibe foni imene ikanakwanitsa. N'chifukwa chake pali njira zozifinyira, ndipo yofala kwambiri ndi H.264 imene inakhazikitsidwa mu 2003. Nzeru yake ndi yoti chithunzi chathunthu chimatumizidwa mwa apo ndi apo, pakatipo n'kumangotumiza zimene zasintha. Apa ndi pamene pagona nkhani kwa mphunzitsi. Tsamba la PowerPoint limene langokhala phee mphindi ziwiri munthu akufotokoza silidya data yambiri, chifukwa palibe chikusintha. Koma kamera yogwira m'manja, yogwedezeka, yotsatira mphunzitsi amene akuyendayenda kutsogolo kwa holo, imasintha chithunzi chonse nthawi iliyonse, ndipo fayilo yake imalemera kangapo ngakhale mawu ophunzitsidwawo ndi omwewo.

Masamu ake ndi apafupi. Kalasi ya pa Zoom makamera a anthu atayatsidwa imafuna megabiti imodzi pa sekondi kapena kuposerapo. Ola lili ndi masekondi 3,600, ndipo mabiti 8 ndiwo amapanga baiti imodzi, choncho megabiti imodzi pa sekondi ndi ma MB 450 pa ola. Wophunzira wokhala ndi maola 15 a makalasi pa sabata angafunike pafupifupi ma GB 7 sabata iliyonse, asanatsegule buku lililonse pa intaneti. Mawu okhaokha, makamera atazimitsidwa, amadya ma MB 30 kapena kuposera pang'ono pa ola. Mawu ojambuliratu n'kufinyidwa bwino angatsike mpaka ma MB 10. Phunziro lomwelo, mphunzitsi yemweyo, koma wina walipira ma MB 450 wina ma MB 10.

Palinso kusiyana kwina kumene ambiri sakuganizira. Mukamaonera vidiyo ya pa YouTube, foni yanu simalandira fayilo yonse nthawi imodzi. Vidiyoyo inadulidwa m'tizidutswa ta masekondi ochepa, kalikonse kosungidwa pa milingo ingapo, 144p, 360p, 720p ndi ina. Foni imatengeratu tizidutswa tingapo ta kutsogolo, ndipo netiweki ikafooka imasankha mlingo wotsika, chithunzi n'kuchita chimbuuzi koma osaima. Kampani ya Apple inatulutsa njira yotere mu 2009, ndipo lero ndi mmene makanema ambiri a pa intaneti amayendera. Kukambirana kwa pompopompo kulibe mwayi umenewu. Sikungatengeretu mawu amene mphunzitsi sananene, ndiponso sikungadikire. Netiweki ikadukiza masekondi 20, mawu a masekondi 20 amenewo apita basi, ndipo nthawi zambiri amakhala pakati penipeni pa kufotokoza chinthu chovuta.

Tsono onjezani magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse m'Malawi amakhala kumidzi, ndipo nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndi zimene zinkaunikira magetsi. Ngakhale m'tauni momwe, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kupitirira chaka. Kalasi ya pompopompo imafuna kuti anthu onse akhale ndi moto mu foni, bandulo, netiweki ndi malo opanda phokoso pa ola limodzimodzi. Ili ngati mpopi wa m'tauni umene umatulutsa madzi ola limodzi patsiku: amene sanalipo ndi ndowa yake wagona ndi ludzu. Fayilo yojambuliratu imadikira. Wophunzira angaikopere usiku pa bandulo yotchipa, kapena akapita pamsika kukatchajitsa foni, n'kupatsirana ndi anzake pa Bluetooth kapena pa memori khadi popanda kulipiranso.

Zimene anapeza a Stanford ndi matepi awo

Kuphunzitsa munthu amene ali kutali si kwachilendo. Open University ya ku Britain inakhazikitsidwa mu 1969, ndipo kuyambira 1971 maphunziro ake ankaulutsidwa pa wailesi ya kanema ya BBC mpaka 2006. Kwathu kuno Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education, inayamba m'zaka za m'ma 1960 kuphunzitsa ndi mapepala otumiza pa positi pamodzi ndi mapulogalamu a pa wailesi.

Koma nkhani imene ndimaona kuti aphunzitsi athu akuyenera kuidziwa ndi ya James Gibbons, pulofesa wa uinjiniya pa Stanford University ku California. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mainjiniya a kampani ya Hewlett-Packard ankachita maphunziro a Stanford kudzera pa wailesi ya kanema ya sukuluyo. Ena mwa iwo atasamutsidwira ku Santa Rosa, kumene mafunde a wailesiyo sankafika, Gibbons anayamba kuwatumizira matepi a makalasi. Sanawauze kuti aliyense akaonere kwawo. Ankasonkhana kagulu kakang'ono pamodzi ndi wothandizira mmodzi, amene sanali pulofesa koma injiniya mnzawo. Ntchito ya wothandizirayo inali kuimitsa tepi. Wina akakwinya nkhope kapena kufunsa, tepi inkaima, gulu n'kukambirana mpaka onse atamvetsa, ndiye n'kupitiriza. Zimene zawakanika ankazitumiza kwa mphunzitsi mwini.

Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 1977, zinadabwitsa anthu. Ophunzira a matepiwa anakhoza bwino kuposa amene ankaonera pompopompo pa wailesi ya kanema, ndipo anaposanso amene ankakhala m'kalasi momwemo pamaso pa pulofesa. Tepiyo inalibe matsenga. Chimene chinawathandiza ndi mphamvu yoimitsa, kubwereza ndi kutsutsana, zimene munthu sangachite mu holo ya anthu 300 mphunzitsi akuthamangira kumaliza silabasi. Ndikaganiza za magulu okambirana amene ophunzira athu amapanga okha m'mahositelo mayeso akayandikira, ndimaona kuti theka la njira ya Gibbons tili nalo kale. Chosowa ndi vidiyo yabwino yoti aziimitsa, ndi munthu woti aziwatsogolera, kaya wa chaka chachinayi kaya wa masitazi. Kwa ophunzira a patali amene amakumana m'malo ophunzirira a m'maboma, njira imeneyi ikuoneka yoyenera kuposa kuuza aliyense kuti alowe pa Zoom ali yekha kunyumba.

Zimene zinadza pambuyo pake zinatsimikiza mbali ina ya nkhani yomweyi. Yunivesite ya MIT ya ku America inalengeza mu 2001 kuti iika zophunzitsira zake pa intaneti kwaulere, India inayamba NPTEL, pulogalamu ya maphunziro a pa vidiyo ndi pa intaneti, mu 2003, ndipo mu 2011 anthu okwana 160,000 analembetsa phunziro la pa intaneti la Sebastian Thrun ndi Peter Norvig a ku Stanford. Chaka chotsatira kunabadwa Coursera ndi edX, masamba a pa intaneti a maphunziro otseguka kwa aliyense, anthu n'kumati mayunivesite atha ntchito. Sanathe. Ochuluka mwa olembetsa maphunziro oterewa samaliza, chifukwa munthu woonera yekha, wopanda womufunsa kuti wafika pati, amagwa ulesi msanga.

Mu 2014 Philip Guo, Juho Kim ndi Rob Rubin anaunika maulendo 6.9 miliyoni amene anthu anaonera mavidiyo a maphunziro anayi a pa edX. Anapeza kuti vidiyo italike bwanji, woonera wamba amakhalapo mphindi zosaposa 6. Anapezanso kuti mavidiyo a dzanja likulemba munthu akufotokoza, monga a Khan Academy, amagwira anthu mtima kuposa masamba a PowerPoint ongosinthasintha, ndi kuti kalasi ya m'holo yojambulidwa n'kudulidwadulidwa sikopa ngati vidiyo yokonzedwera dala woonera pa kompyuta. Tisakokomeze: anthu a pa edX ankaphunzira mwa kufuna kwawo, opanda fizi kapena mayeso owaopseza, ndipo wophunzira wa digiri angapirire nthawi yotalikirapo. Komabe phunziro la maola awiri mu fayilo imodzi ndi katundu wolemera kwa foni ndi kwa mutu womwe. Kulidula m'zigawo za mphindi 8 kapena 10, chilichonse ndi dzina lake lomveka, kumathandiza amene netiweki yamudukira kuti asayambirenso pachiyambi, ndiponso amene akukonzekera mayeso kuti apeze msanga pamene panamuvuta.

Funso limene aphunzitsi amafunsa kawirikawiri ndi loti ndikajambula, kodi ana adzabweranso m'kalasi? Ofufuza sagwirizana. Martin Edwards ndi Michael Clinton a ku King's College London anapeza kuti zojambula zitayamba kupezeka, obwera m'kalasi anachepa, ndipo kuonera vidiyo sikunabweze zimene anataya pojomba. Emily Nordmann ndi anzake, pofufuza ophunzira a pa yunivesite ya Aberdeen ku Scotland, sanapeze umboni woti zojambula zimathamangitsa anthu m'kalasi, ndipo anaona kuti zimathandiza amene amazigwiritsa ntchito pobwereza zimene anamva kale. Ine ndimaona kuti mbali ziwirizi zikuloza kumodzi. Vidiyo imapindulira wobwereza, imapweteka wozengereza amene amaunjika mavidiyo 20 kuti adzaonere usiku wa mayeso. Ndipo ngati kalasi ili yoti mphunzitsi amangowerenga manotsi ola lonse, wophunzira amene wasankha kusunga ndalama ya minibasi sanalakwe kuwerengera.

Pa tebulo la mphunzitsi

Zipangizo zofunika si zambiri monga amaganizira ena. Tiyerekeze mphunzitsi wa masamu amene akufuna kufotokoza njira imodzi yothetsera funso. Amasanja mabuku mulu m'mbali mwa tebulo, n'kugoneka foni pamwamba pake kamera italoza pansi, pepala loyera lili pansipo. Tebulo amaliika pafupi ndi zenera kuti kuwala kuchokere kumbali, dzanja lisachite mthunzi pa zolembazo. Amalemba ndi cholembera chakuda chonenepa, chifukwa bolopeni yowonda imasowa vidiyo ikafinyidwa. Kamaikolofoni ka pa mahedifoni a foni amakapana pa kolala ya malaya, amatseka chitseko, amaika foni pa flight mode kuti wina asaimbe pakati. Amalankhula ngati akufotokozera munthu mmodzi amene wakhala pambali pake. Akalakwitsa chizindikiro amakhwatcha n'kukonza pomwepo, chifukwa wophunzira amaphunziranso poona mmene katswiri amagwirira cholakwa chake.

Chinthu chimene sichiyenera kunyengereredwa ndi mawu. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu a phokoso, omveka ngati akuchokera m'chitsime, amatopetsa m'mphindi zochepa. Ngati dipatimenti ili ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, igule maikolofoni. Wa masamba a PowerPoint sasowa china, chifukwa pulogalamuyo imatha kujambula mawu pa tsamba lililonse n'kutulutsa vidiyo. OBS Studio imajambula zonse za pa sikirini kwaulere, ndipo HandBrake, yaulerenso, imafinya fayilo yaikulu kuti ichepe. Mlingo wa 480p umakwanira ngati zilembo zili zazikulu. Mphunzitsi woganizira ana ake amatulutsa phunziro limodzi m'mitundu itatu: vidiyo, mawu okha, ndi manotsi a PDF, aliyense atenge zimene thumba lake likulola. Ayeneranso kudziyesa yekha poonera vidiyoyo pa foni yaing'ono yotchipa, osati pa laputopu yake, popeza ndi mmene ambiri adzaionere.

Kosungira nakonso n'kofunika. Fayilo ikakhala pa seva ya pasukulu pomwepo, mu Moodle mwachitsanzo, wophunzira amene ali pa Wi-Fi ya sukulu amaitenga osadutsa pa intaneti ya kunja, imene dziko lopanda doko ngati lathu limagula kudzera m'zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nawo. Bungwe la MAREN, limene limalumikiza sukulu za ukachenjede ndi malo ofufuzira m'Malawi ndipo lili mu UbuntuNet Alliance, mgwirizano wa mabungwe otere a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, linakhazikitsidwira ntchito yotere. Kwa amene ali kunja kwa sukulu, njira ina ndi kugwirizana ndi makampani a mafoni kuti tsamba la sukulu lisamadye bandulo. Ku South Africa anachita zimenezi mu 2020, ndipo boma linalonjezanso ophunzira othandizidwa ndi NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira osauka, ma GB 10 a masana ndi 20 a usiku pa mwezi kwa miyezi itatu. Msampha wake ndi woti mgwirizano wotere umakhudza adiresi ya sukulu yokha. Mphunzitsi akaika vidiyo pa YouTube n'kungomata linki mu Moodle, wophunzira amalipira monga mwa masiku onse, akuganiza kuti n'zaulere.

Sindikunena kuti pompopompo n'ngwachabe. Ali ndi ntchito yake: mphindi 30 kapena 40 za mafunso ndi mayankho, makamera atazimitsidwa, anthu ataonera kale vidiyo ya sabatayo, ndipo zokambiranazo n'kujambulidwa kuti amene analephera kulowa adzamvere. Nthawi ya pamodzi ndi yodula kwambiri moti kuithera pa zinthu zimene fayilo ikanatha kunena ndi kuononga.

Mwini wake ndani, ndipo ndani watsala kunja

Mu Januwale 2021 wophunzira wina wa pa Concordia University ku Montreal anafuna kulembera kalata pulofesa amene ankamuonera m'mavidiyo a phunziro la mbiri ya zaluso. Posaka adiresi yake anapeza kuti pulofesayo, François-Marc Gagnon, anamwalira mu 2019. Sukuluyo inafotokoza kuti phunzirolo linali ndi mphunzitsi wina woliyang'anira ndipo mavidiyowo anali zipangizo chabe, koma nkhaniyi inautsa funso limene sukulu iliyonse iyenera kuyankha isanayambe kujambula. Kodi vidiyo ndi ya mphunzitsi kapena ya sukulu? Akapuma pantchito, akasamukira kwina, kapena akamwalira, ipitirire kugwiritsidwa ntchito? Ku Britain bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesite la UCU lakhala likulimbana ndi mabwana pa nkhani yoonetsa ophunzira zojambula zakale aphunzitsi akakhala pa sitalaka. Mphunzitsi amene akuopa kuti mawu ake adzamulanda ntchito sangajambule ndi mtima wonse, ndipo mantha akewo si opanda pake.

Ophunzira nawo ali ndi mbali yawo. Kamera ya m'holo imagwira nkhope ndi mawu a aliyense wofunsa funso, ndipo fayilo ikangolowa pa gulu la WhatsApp palibe angaibweze. Mtsikana amene wafunsa funso looneka lopepuka, kapena mnyamata amene wanena maganizo ake pa ndale m'kalasi ya malamulo, ayenera kudziwiratu kuti akujambulidwa ndi kumene vidiyoyo ikupita. Kwa a zachipatala nkhaniyi ndi yolemera koposa, popeza pamakhala zithunzi ndi mbiri za odwala. Malawi tsopano ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo nkhope ndi mawu a munthu zili m'gulu la zinthu zimene sizingangotengedwa mwachisawawa.

Ndiye pali ophunzira osamva ndi osaona. Mu 2017 University of California, Berkeley inachotsa pagulu mavidiyo ndi mawu ojambulidwa oposa 20,000, boma la America litapeza kuti anthu olumala sankatha kuwagwiritsa ntchito, makamaka chifukwa chosowa mawu olembedwa m'munsi. Makina olemba okha mawu alipo, koma amapunthwa pa Chingerezi cha kalankhulidwe kathu, pa mayina a mankhwala ndi a zomera, ndipo mphunzitsi akatembenukira ku Chichewa kapena Chitumbuka kuti atsindike mfundo, monga achitira ambiri, zolembedwazo zimasanduka zopanda mutu. Pamafunika munthu woti akhale pansi n'kukonza, ndipo imeneyo ndi ntchito ya maola imene iyenera kuwerengedwa ndi kulipidwa. Kwa wosaona, mphunzitsi amene amangoti "apa" ndi "ichi" akuloza pa sikirini sananene kanthu. Ayenera kutchula chimene akuloza: mzere wachiwiri, nambala ya pansi, muvi wopita kumanja. Chizolowezi chimenechi chimathandizanso uja amene wakwanitsa kukopera fayilo ya mawu okha, amene akumvera phunziro la masamu pa mahedifoni popanda kuona pepala.